Mutu 6: Chisanu pa Mtengo wa Lisiate

1. Pakona panalibe kanthu

Loweruka m'mawa Kalolaine anadzuka mphuno ikuzizira ngati ya galu. Anavala juzi yake yakuda ya maliro, nalowa m'chipinda chochezera kuti atsegule makatani. Pakona ya zenera lalikulu panalibe kanthu. Pa kapeti panangotsala chidindo chozungulira pomwe pamakhala mphika.

Anathamangira kuseri kwa nyumba wopanda nsapato.

Kapinga yense anali mbuu ndi chisanu. Madzi a m'mbale ya mphaka anali atauma gwa. Pafupi ndi mpanda, pa kangolo kake ka matayala anayi, panali mphika waukulu uja, ndipo mumphikamo munali mtengo wa kokonati wa Lisiate. Unali utagona panja.

Lisiate anali mlongo wake wa Kalolaine. Anabadwa zaka zitatu zapitazo banja lili ku Queensland, kumpoto kotentha, ndipo anangokhala ndi moyo miyezi iwiri. Kwathu ku zilumba za Tonga mchombo wa mwana ukagwa sutayidwa. Umakwiriridwa pamalo a makolo, pamwamba pake n'kubzalapo mtengo. Koma munthu wa nyumba ya lendi ali ndi malo ati? Mayi ake a Kalolaine, a Seini, anagula mphika, nakwirira mchombowo m'menemo, pamwamba naikapo kokonati wophuka.

Ntchito ya m'minda ya mphesa itawakokera kummwera kuno ku Robinvale, manda a mwanayo anatsala kutali, ulendo wa masiku awiri pa galimoto. Mphika ndiwo unakwera nawo.

Za kukongola kwa mtengowo tisanamizane. Unali wamtali ngati munthu wamkulu, wowonda, wa masamba asanu ndi awiri. Kokonati ndi Robinvale sizigwirizana, ndipo aliyense anawauza a Seini kuti ufa chaka chomwecho. Iwo anaudutsitsa nyengo ziwiri zozizira. Masana ankaukankhira panja kuti uwothe dzuwa, madzulo n'kuubweza m'nyumba.

Kenako bambo awo a Seini anamwalira ku Tonga. Tsiku lonyamuka, ali pakhomo la galimoto, anamugwira Kalolaine dzanja.

"Kalo, zina zonse bambo ako aona. Iwe ndakusiyira chinthu chimodzi. Sukulu ili pa holide, ulibe chowiringula. Folo koloko isanakwane, mtengo ukhale uli m'nyumba. Kuno dzuwa limanama. Masana limakusekerera, usiku kumagwa chisanu. Usayang'ane kumwamba, uziyang'ana wotchi."

Masiku asanu ndi anayi Kalolaine sanaphonye. Tsiku lakhumi, Lachisanu, mnzake wa nyumba yoyandikana, Loseli, anabwera ndi mpira wa ntchemberembaye, n'kuti akangoponya pang'ono. Anabwerako kutada. Kalolaine analowera khomo la kumaso, anadya, nakagona.

2. Manja oyabwa

Kalolaine anakankha kangolo kaja, matayala akulira, mpaka m'nyumba. Anakoka mbaula ya magetsi, naiika pafupi penipeni ndi mphika, naikweza moto mpaka pamapeto.

Pofika teni koloko chisanu chinali chitasungunuka, ndipo kuipa kwake kunaonekera. Masamba anada ngati a koko owiritsa, nalendewera pansi. M'nsonga mwake munayamba kufiira.

"Odi kuno! Akatswiri a dzulo adzuka?"

Anali Loseli. Analowa akutafuna buledi, naima chilili.

"Mayo ine! Kalo, wauphika?"

"Unagona panja."

"Usiku wonse? Ndiye iwe wafa basi. Ndikubwereke diresi yoti akakuike nayo?"

"Loseli, m'nyumba muno muli maliro."

"Pepa. Pakamwa panga pamathamanga kuposa miyendo yanga." Anauzungulira mphikawo kawiri. "Mayi ako abwera liti?"

"Patsala masabata awiri."

"Ndiye ukulira chiyani? Ku Mildura mitengo yofanana ndi imeneyi yangoti mbwee m'masitolo. Achimwene akupita Lachiwiri. Uzule uwu, ubzale wina m'dothi lomweli."

"Amayi amadziwa tsamba lililonse."

"Udzati wanenepa. Anthu amanenepa, nanga mitengo?"

"Nanga uwu ndiutaye kuti? M'bini?"

Loseli anabwerera ku buledi wake.

Masana bambo ake a Kalolaine, a Manase, anafika kuchokera kumunda. Nsapato zinali matope okhaokha, sizasi yodulira mphesa ili m'chikwama cha m'chiuno. Anayang'ana mtengowo, nakhala pampando osavula chipewa.

"Mwana iwe," anatero.

"Ababa, ndinaiwala."

"Ndaona. Nanenso dzulo ndinadutsa pomwepa osayang'ana pakonapo." Anapukuta kumaso ndi dzanja. "Mayi ako sakudya, sakugona. Aika bambo awo Lachitatu lomweli. Ukawauza izi pa foni, uwapatsa maliro achiwiri ali kutsidya kwa nyanja. Mawa akaimba, tiwauza kuti kuno zonse zili bwino."

"Nanga akabwera?"

"Adzaupeza utaphukira. Ine ndimadulira mphesa kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Mpesa timausiya uli chitsa chokhachokha, wodutsa n'kumati wafa. Ikafika Seputembala, masamba ali biriwiri. Dula zakufazi zonse, uthire feteleza, uthirire madzi otentha pang'ono kuti mizu ifunde. Mtengo ndi mtengo."

Anasolola sizasi ija nampatsa.

Kalolaine anateleka ketulo. Kenako anagwada pafupi ndi mphika, nagwira tsamba la pansi penipeni, nafinya sizasi ndi manja awiri. Tsamba linagwa pa kapeti. Pomwe anadulapo panali pobiriwira, pakutuluka madzi.

Anagwira lachiwiri.

"Ika pansi chimenecho."

3. Azakhali a Melenaite

Pakhomo panaima azakhali ake, a Melenaite, mlongo wamkulu wa a Manase. Anavala zakuda, mkeka wa maliro atauzenga m'chiuno monga mwa mwambo wa kwathu, m'manja atanyamula poto wa chilazi ndi nthiti za nkhosa. Chichokereni a Seini, Loweruka lililonse ankabwera kudzaona ngati m'nyumbamo mukudyedwa.

A Manase anavula chipewa, naimirira, nakaima kuseri kwa khomo la kukhitchini. Kwathu mwamuna sakhala chipinda chimodzi ndi mlongo wake n'kumacheza ngati anzake, ndipo mawu a mlongo wamkulu wa bambo satsutsidwa.

"Amayi akundiitana," anatero Loseli.

"Ine sindinamve munthu akuitana, koma pita," anatero a Melenaite.

Anaika poto patebulo, nazimitsa mbaula, naikankhira kutali ndi phazi. Kukhitchini ketulo inayamba kulira.

"Ketuloyo ndi ya tiyi wanga kapena ya mtengo?"

"Ya mtengo, azakhali."

"Ikhale ya tiyi. Unagona panja?"

"Inde."

"Anausiya ndani?"

"Ine."

"Chabwino. Pukuta kumasoko, misozi siithirira mtengo. Khala pansi umve, chifukwa sindibwereza."

Kalolaine anakhala pansi, miyendo ataipinda cham'mbali.

"Ndagwira ntchito ku nazale zaka makumi awiri ndi chimodzi," anayamba a Melenaite. "Mitengo yomwe ndinaiona ikufa ndi chisanu chenichenicho ndi yowerengeka. Yambiri inaphedwa m'mawa mwake ndi eni ake. Munthu akaona kuti walakwa, manja amamuyabwa. Amafuna achitepo kanthu msangamsanga kuti cholakwacho chisaoneke. Uyu adule, uyu athire, uyu awotche. Pofika madzulo mtengo wathera pomwepo, ndipo chisanu n'kumanamiziridwa.

"Mbaulayi ikuumitsa masamba omwe avulala kale. Mwana akazizidwa zala sumuviika m'madzi owira. Mtengowu ukungofuna kufunda kwa chipinda chomwe anthu akukhalamo, basi. Uuchotse pa zenerapo, chifukwa galasi limazizira ngati panja. Uuike pomwe pali kuwala koma pasakuwomba mphepo ya pakhomo. Mphikawo uukulunge ndi bulangete, pakuti mizu nayo imamva kuzizira. Ndipo panja usatulukenso mpaka chisanu chitatha, ngakhale dzuwa liwale bwanji.

"Feteleza ayi. Mizu yagona, sikudya. Ukathira feteleza lero ungoiwotcha. Munthu wosanza sumukakamiza nyama. Madzinso chimodzimodzi. Ife a kuzilumba tinazolowera kuti kokonati amamwa mvula tsiku ndi tsiku, koma kumene kuja dothi ndi lofunda. Kuno dothi lonyowa ndi lozizira limaoletsa mizu. Uzilowetsa chala m'dothi mpaka pa mfundo yachiwiri. Chikatuluka chonyowa, usathirire. Chikatuluka chouma, uthirire pang'ono, m'mawa, madzi omwe agona m'nyumba. Pa mutu wa mtengo pasagwere dontho."

Anatembenukira kukhitchini.

"Manase, uli pakhomopo, ukumva?"

"Ndikumva, achemwali."

"Sizasiyi ndi yako?"

"Ndi yanga, achemwali."

"Mpesa uli ndi maso ambirimbiri. Ukadula apa, uphukira apo. Kokonati ali ndi mutu umodzi wokha, ukafa umenewo palibe kwina kophukira. Unakulira pansi pa mitengo imeneyi. Unawaonapo bambo athu akuisadza nyengo yozizira?"

"Ayi, achemwali."

"Mphesa za eni zakuiwalitsa kwanu."



"Masamba oipawa asiyidwe," anapitiriza a Melenaite. "Ndi onyansa, inde. Koma paliponse pomwe patsala pobiriwira, mtengo ukudyerapo, ndipo oumawo akutchinga mtima wake. Tsamba lidzadulidwa likadzauma lonse mpaka kutsinde, nyengo yofunda itabwera. Limodzi mwadula kale. Likhale lomaliza."

"Ndiye amayi adzaupeza chonchi?" anafunsa Kalolaine.

"Adzaupeza woipa kuposa apa. Lero ndi chiyambi chabe. Pofika Lachitatu udzakhala ngati chiguduli. Zimenezo ziiwale, zobisika palibe. Funso ndi limodzi: uli moyo kapena wafa? Imirira."

4. Tsamba lapakati

A Melenaite anapatula masamba olendewera aja ndi dzanja. Pakati penipeni panali tsamba latsopano losatambasuka, lowongoka ngati mkondo, lotalika ngati mkono wa munthu. Nsonga yake inali itafiira pang'ono.

"Moyo wa mtengo uli pansi pa limeneli," anatero. "Uligwire ndi zala ziwiri, ulikoke pang'ono pokha, ngati ukukoka mwana khutu mosereula. Likasololoka, mtima waola, ndipo titha kuyamba kulira. Likakana, ulipo."

"Kokani ndinu, azakhali."

"Manja anga anausiya panja?"

Kalolaine anapukuta zala pa juzi. Bambo ake anasuzumira pakhomo. Kalolaine anagwira tsambalo, natseka maso.

"Tsegula maso. Uziona chomwe ukuchita."

Anatsegula, nakoka.

Tsamba silinasunthe.

"Kachiwiri."

Anakokanso. Mtengo wonse unagwedezeka pang'ono, koma tsambalo linagwira.

A Manase anapuma mokweza mpaka aliyense anamva.

"Musayambe nyimbo," anatero a Melenaite. "Lero lagwira. Kuola kumabwera mochedwa, nthawi zina patapita sabata, nthawi zina mwezi. Bweretsa cholembera chakuda."

Kalolaine anabweretsa. Azakhali anajambula mzere umodzi wopingasa, kudutsa pa tsamba lapakati mpaka pa phesi la tsamba loyandikana nalo.

"Usamalikoke tsiku lililonse, ungalivulaze. Uziyang'ana mzerewu. Tsiku lomwe udzaone kuti waduka pawiri, wa pakatiwu wakwera ngakhale ngati chikhadabo, udzadziwe kuti mtengo ukukula. Kuzizira kuno zitenga nthawi, usatope. Chachiwiri, m'mawa uliwonse uziweramira pamutupa, uzinunkhiza. Ukangomva kafungo kowawasa, ngati ndiwo zogona, undiimbire pomwepo. Osati madzulo, osati ukabwera kumpira. Pomwepo. Pali mankhwala a kopa omwe amapopera mphesa. Tikathira msanga pamtimapo, nthawi zina amapulumutsa. Tikachedwa tsiku limodzi, angokhala madzi obiriwira. Manase, amenewo ukhale nawo pafupi."

"Ndipempha kumunda Lolemba, achemwali."

"Upemphe lero. Foni uli nayo."

Anasunthira mphika pakona ina, kutali ndi zenera, naukulunga ndi bulangete lofiira la a Seini. Tsamba lodulidwa lija Kalolaine anafuna kukalitaya, koma anaima nalo pakhomo, kenako n'kuliika kuseri kwa mpando.

5. Maola asanu

A Manase atatuluka kukaimba foni, Kalolaine anabweretsa tiyi. Anamupereka atawerama, nakhala pansi.

"Azakhali, mawa amayi aimba tikaweruka ku tchalitchi."

"Ndikudziwa."

"Ababa akuti tisawauze."

"Ndinamva ndili pakhomo."

"Mungawauze ndinu? Inu sangakukalipireni."

A Melenaite anamwa tiyi, naika kapu pansi.

"Ndikhoza kulamula, nonse n'kumvera. Ndikati uzani, muuza. Ndikati khalani chete, mukhala chete. Koma pa ichi sindilamula. Mayi ako anasiyira iwe mtengowu, osati ine, osati bambo ako. Ndingokuuza chinthu chimodzi chomwe sukuchidziwa, chifukwa nthawi imeneyo unali kusukulu.

"Lisiate atadwala, mayi ako nayenso anali chigonere m'chipatala chomwecho, m'chipinda china, thupi likutentha. M'mawa adokotala anatiitana ife abale, n'kutiuza kuti mwana safika madzulo, timutenge mayi wake adzamunyamule. Tinakhala pakhonde n'kugwirizana kuti tidikire kaye. Tinati ndi wofooka, angakomoke, mwina mwana atsitsimuka. Seini ankafunsa kuti mwana ali bwanji, ife n'kumati ali bwino, wagona. Maola asanu tinamuyankha choncho. Pomwe tinamukankhira pa njinga ya odwala kupita kumeneko, mwana anali atapita.

"Palibe yemwe anali ndi mtima woipa pakhonde paja. Tonse tinkamumvera chisoni. Bambo ako analipo. Ndipo yemwe ananena kuti tidikire, onse n'kumvera, ndinali ine.

"Mayi ako sanandinyozepo, amandilemekeza monga mwa mwambo. Koma zaka zitatu tsopano, ndikamuuza kuti zinthu zili bwino, amayang'ana kaye munthu wina kuti atsimikize. Imfa ya mwana anaipirira. Maola asanu aja ndiwo sanachoke.

"Bambo ako ali ndi chifundo, ndipo sindimunyoza. Mwina akulondola kuti mayi ako alira. Alira ndithu. Iwe ganiza wekha kuti akadzalowa pakhomo ilo n'kuona chiguduli pakonapo, udzafuna adzakuyang'ane bwanji."

Anaimirira, nakonza mkeka wa m'chiuno.

"Chilazicho mudye chisanazizire. Potoyo ndimufuna."

6. Lamulungu

Ataweruka ku tchalitchi, foni inalira nthawi yake. A Manase anaiimika patebulo moyang'ana kukhoma la zithunzi, mtengo uli kumbuyo kwake komwe sungaoneke.

Nkhope ya a Seini inatulukira. Anali atawonda. Tsitsi lawo lalitali lija linali litadulidwa mpaka m'makutu, monga amachitira ana a womwalira, ndipo mkeka wakale wong'ambika unawakuta mpaka pachifuwa. Kumbuyo kwawo atambala ankalira.

Anafunsa za tchalitchi, za mphaka, ngati a Manase akuvala masokosi awiri kumunda. Kenako anafika pomwe onse ankadikira.

"Nanga mtengo wa Lisiate?"

"Zonse zili bwino kuno," anayankha a Manase msangamsanga. "Usadandaule ndi za kuno. Amayi akupeza bwanji?"

A Seini anachotsa maso pa amuna awo, nafunafuna Kalolaine.

"Kalo?"

Kalolaine anayang'ana bambo ake. Iwo anapukusa mutu pang'ono.

"Pepani, ababa," anatero.

Anatenga foni, naitembenuza, napita nayo pakona. Masamba anali atafiira kuposa dzulo. Atatu anali atagwera m'mbali mwa mphika.

"Amayi, Lachisanu ndinapita kumpira ndi Loseli. Ndinabwera kutada, ndinaiwala kuulowetsa. Unagona panja, chisanu chinagwa. Dzulo ndinauika pa mbaula, ndinadulanso tsamba limodzi lomwe linali lisanafe. Azakhali ndiwo anandiletsa. Ndinafuna kuti musadziwe."

Atambala okha ndiwo ankamveka. A Seini anaphimba pakamwa ndi dzanja, mapewa akugwedezeka. A Manase anakhala pampando, mutu uli pansi.

Kalolaine sanatsitse foni.

"Sendeza pafupi," anatero a Seini pomaliza, mawu ali osasa. "Ndione pakati."

Kalolaine anasendeza.

"Lagwira?"

"Lagwira, amayi. Ndinakoka kawiri."

"Mzerewo ndi wa azakhali ako?"

"Inde. Akuti tisathire feteleza, tisadule, tidikire. Akuti mwina ukhoza kuola."

"Achita bwino. Tembenuza, ndikuone iwe."

Kalolaine anatembenuza foni.

"Ndakwiya, Kalo. Sindikubisira. Chinthu chimodzi chokha ndinakupempha."

"Inde, amayi."

"Koma wandiuza ndi pakamwa pako, mtengo ukadali moyo. Tsopano ndikamapemphera ndidziwa chopempherera." Anapukuta maso ndi nsonga ya nsalu. "Manase, uli pomwepo?"

"Ndili pano."

"Usadzandiuzenso kuti zonse zili bwino."

"Ndamva, Seini."

"Kalo, pali chinthu chomwe ndimati ndidzakuuze ukadzakula. Ndikuona wakula dzulo. Mumphikamo muli michombo iwiri. Wako ndinausunga m'kabotolo zaka khumi ndi chimodzi. Ndinkati tikadzapeza malo athuathu ndidzaukwirira. Tinasamuka kasanu, malo osapezeka. Tsiku lomwe ndinkakwirira wa Lisiate, ndinaona kuti agona yekha m'dothimo. Ndinatenga wako n'kuuika pambali pake. Mtengowo sindinakusiyire ngati wantchito. Ndi wako."

Kalolaine anayang'ana dothi lakuda lomwe linali pansi pa bulangete lofiira.

"Ukafa, amayi?"

"Ukafa tidzaulira limodzi, dothilo tidzalisunga. Koma sunafe. Ndifika pakatha masiku khumi ndi awiri. Chilichonse chomwe uone, chabwino kapena choipa, undiuze tsiku lomwelo."

"Ndidzakuuzani."

Foni itadulidwa, a Manase anatuluka, nabwera ndi kabotolo ka mankhwala obiriwira komwe kapitawo wa kumunda anawapatsa dzulo lake. Anakaika pashelefu pamwamba pa mtengo. Podutsa anaika dzanja pamutu pa Kalolaine.

7. Mzere wakuda

Lolemba mzere unali chimodzimodzi. Chala chinatuluka m'dothi chonyowa, ndipo Kalolaine sanathirire. Lachiwiri chimodzimodzi. Madzulo ankawauza mayi ake pa foni, ngakhale chonena chinali chomwecho.

Lachitatu mtengo unali chiguduli, monga ananenera azakhali. A Manase anapita kumunda kusanache bwino. Kunja kapinga anali mbuu.

Loseli anagogoda pa zenera ndi mpira.

"Anamwino a mitengo! Lero ndi masewero enieni, atikwapula popanda iwe. Tiye!"

"Dikira."

Kalolaine anapatula masamba ouma. Mzere wakuda unali wowongoka, wosaduka. Anaweramira pamutu pa mtengo, nakoka mpweya.

Anadzuka, napita pakhomo, napuma mpweya wa panja kuti mphuno iyere. Anabwerera, naweramanso.

Kanalipo. Kafungo kakang'ono kowawasa, kochokera pansi penipeni pa tsamba lapakati.

"Kalo, tichedwa!"

Kalolaine sanacheuke. Anatsitsa kabotolo kobiriwira pashelefu, natenga foni. Inalira kamodzi kokha.

"Azakhali, ndine. Fungo lija layamba."

"Usakhudze kanthu," anatero a Melenaite. Kumbuyo kwawo kunamveka makiyi a galimoto. "Ndipezere kapu yoyera ndi supuni. Ukatero, uimbire mayi ako."